Tsiku lomwe ndinasita mlonda wa Mayi Fumiko

Nkhani iyi ndakhala nayo mumtima zaka ziwiri, ndipo nanenso ndikuona kuti sindituluka bwino m'menemo. Pakhoma la m'nyumba mwathu pali chinthu chomwe chimandiyang'ana ndi maso otong'oka m'mawa uliwonse, ndipo pachifuwa pake pali chipsera chomwe ndinaikapo ndine. Alendo akafunsa ndimangoti ndi nkhani yaitali. Lero ndaganiza kuti ndiinene yonse.

Timakhala ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, m'nyumba zija zakale zamiyala zosanjikizana, pomwe makomo awiri amayang'anizana pamwamba pa masitepe. Khomo loyang'anizana ndi lathu linali la Mayi Fumiko, gogo wa ku Japan wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Anabwera kuno ali mtsikana atakwatiwa ndi mzungu yemwe ankagwira ntchito yokhoma sitima zapamadzi ku Govan. Mwamunayo anamwalira kalekale, ndipo ana analibe. Ubale wathu unali wapakhomo: ine ndinkawanyamulira zogula pokwera masitepe, iwo ankatisungira makalata. Ankandiitana kuti Mayi Tadala, chifukwa anamva amuna anga akundiitana kuti mayi a Tadala, n'kuganiza kuti ndilo dzina langa.

Chaka chimenecho bambo a Tadala anali atangochitidwa opaleshoni ya mtima. Ankangokhala chigonere kuchipinda, ataonda, chakudya chikuwakanika. Ine ndinali ndi mantha, koma sindinkauza munthu.

Tsiku lina masana Mayi Fumiko anagogoda atanyamula kabokosi kathabwa, kakatali ngati mkono. Anati madokotala awaitana kuti akagonekedwe, ndipo akupempha kuti ndiwasungire chinthu. Anamasula kachingwe, n'kufunyulula pang'onopang'ono chithunzi chachitali cha papepala lomatidwa pansalu ya silika, chokhala ndi kamtengo kumunsi kwake.

Pachithunzipo panali chimunthu chandevu zili nyankhalala, maso ngati mazira, lupanga m'manja, nsapato zazikulu zitaponda kachiwanda kanyanga ziwiri.

"Dzina lake ndi Shoki," anatero. "Kwathu amati amathamangitsa matenda ndi mizimu yoipa pakhomo. Anali wa agogo a bambo anga. M'nyumba mwanga mukhala mozizira, chinyontho chimudya. Mumupachike poyang'ana khomo. Mukafuna kumuchotsa, muzimukulunga chonchi, kuyambira pakamtengoka. Osamupinda."

Ndinavomera kuti chabwino, mutu ukugwedera, koma maganizo anga onse anali pa nyanga za kachiwanda kaja. Ndine mwana wa mkulu wa mpingo. Kukana gogo wodwala sikukanatheka, choncho ndinamupachika pamsomali pomwe pankakhala kalendala, ndipo podutsa ndinkayang'ana kumbali.

Patapita masabata awiri, Lachinayi, amayi a kumpingo anati abwera kudzapempherera bambo a Tadala nthawi ya folo koloko. Ndinawerengera kuti folo yathu ndi faifi, choncho ndidzamuchotsa mlondayo mosathamanga. Koma tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba chiyambire gulu lathu, amayi anafika hafu pasiti fili. Belu la pansi linalira, ine manja ali ndi ufa wa mandasi.

Amene ankatsogolera anali Mayi Chirwa a ku Springburn, munthu wabwino mtima koma wa maso akuthwa. Ndi omwewo amene anakatulutsa chosema cha mtengo m'nyumba mwa mnzathu wina n'kuchiponya m'bini, ndipo nkhani yake inayenda chaka chathunthu. Ndinkamva mapazi awo akukwera. Masitepe athu alipo makumi anayi ndi awiri (ndinawawerenga pambuyo pake, pofuna kudziwa ngati ndikanatha kuchita bwino, ndipo yankho lake ndi lakuti ndikanatha).

Ndinatsomphola chithunzicho pamsomali. Bokosi lake sindinakumbuke komwe ndinaliika. Manja anga anachita zomwe anazolowera: ndinachipinda pawiri, kenaka panayi, ngati chitenje. Ndinathamangira kuchipinda, n'kutukula matiresi kumiyendo, n'kuchilowetsa pansi, pomwe timasunga mapasipoti.

"Mayi, mwatani?" anafunsa bambo a Tadala atatsegula diso limodzi.

"Gonani inu, simunaone kanthu."

Chomwe ndinaiwala n'chakuti wodwala amapemphereredwa pomwe wagona. Amayi analowa kuchipinda, ndipo chifukwa mipando inali yochepa, anayi anakhala pabedi, kumiyendo komweko. Mayi Chirwa anakhala pakati penipeni. Si anthu ochepa thupi. Anaimba, anapemphera ola lathunthu, ndipo pa "Ameni" aliyense bedi linkadumpha. Mayi Chirwa anafuula kuti, "Chilichonse chachilendo chomwe chabisala m'nyumba muno, tikuchipondereza pansi!" Ine ndinayankha Ameni wa mawu otsika kwambiri. Bambo a Tadala anadzifunditsa bulangete kumaso, mapewa akugwedezeka, ndipo amayi anati mzimu wawakhudza.

Atapita ndinachita mantha kuyang'ana. Ndinazengereza masiku atatu. Pomwe ndinachitulutsa, mizere itatu yoyera inali itadutsa papepalalo, umodzi pakati pa maso a Shoki. Ndinachiyala patebulo n'kusanjikapo mabuku onse a m'nyumba, mpaka Baibulo lalikulu la paukwati wathu. Mizere sinasunthe.

Ndiyeno Lachisanu lotsatira nesi anaimba foni. Anati Mayi Fumiko asamutsidwira ku chipinda cha anthu omwe madokotala alibenso chochita nawo, ndipo apempha kuti mawa lake ndiwabweretsere chithunzi chawo chikakhale pafupi ndi bedi. Ndinakhala pansi m'khitchini. Gogo ankafuna kuona chinthu chimodzi chokha chotsala cha kwa makolo awo asanatsikire kuli chete, ndipo ine ndinali nditachipinda ngati nsanza.

Apa ndiyenera kuulula kunyada kwanga. Bambo anga anali telala ku Limbe, ndipo ndinayamba kugwira simbi ya makala ndisanayambe sukulu. Ine ndimasita chilichonse: masokosi, matawulo, ngakhale kansalu kopukutira mbale. Azungu a kuntchito amadabwa, koma ine ndimati munthu wovala zamakwinya sanaleredwe. M'moyo wanga ndinali ndisanaonepo khwinya lomwe linandikanika.

"Funsani kaye odziwa, mayi," anatero bambo a Tadala ataima pakhomo, atagwira chitseko. "Kumalo osungirako zakale kuja alipo anthu a ntchito imeneyi."

"Mawa ndi Loweruka, atsegulira ndani? Komanso ndikawauze kuti chinapindika bwanji?"

"Muwauze zoona."

"Bambo, kagoneni. Dokotala anati musamaime nthawi yaitali."

Safunsa anadya phula. Ndinayala thawulo, n'kuika chithunzi chafufumimba, n'kuphimba ndi mpango woyera. Simbi ndinaitenthetsa pang'ono chabe. Nditadutsitsa kamodzi, mzere wa kumunsi unaoneka ngati wachepa. Zikanathera pomwepo bwenzi lero ndilibe nkhani. Koma mtima unandiuza kuti waona, mwana wa telala salephera. Ndinachitembenuza kuti ndione nkhope, ndinawonjezera moto, ndipo pa mzere wouma uja wa pakati ndinadina batani la nthunzi.

Sindinkadziwa kuti pepala lija limamatidwa kunsalu ndi phala la ufa wa tirigu. Nthunzi itangolowa, pepala linatukuka ngati khungu lopsa. Inki ya ndevu inayamba kuyenderera. Ndinakuwa, n'kuika simbi pansi kuti ndigwire m'mphepete momwe munkamatukamo, ndipo pansi pomwe ndinaiikapo panali pachifuwa pa Shoki. Mpango unali utasendera kumbali. Fungo ndi lomwe linandiuza. Nditaichotsa, panatsala chithunzi cha simbi yanga, chofiirira, chosongoka kumutu, timabowo ta nthunzi tonse tikuoneka bwinobwino. Kachiwanda kaja sikanakhudzidwe ngakhale pang'ono, ndipo kankaoneka ngati kakuseka.

Ndinalira ngati mwana. Bambo a Tadala sanandinene. Anangopeza bokosi lija pamwamba pa wadirobu, ndipo chithunzi chitauma anachikulunga okha, kuyambira pakamtengo, monga anamvera gogo akunena ali kuchipinda.

M'basi yopita kuchipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan ndinkakonza bodza. Mumzinda uno chinyontho chimasenza milandu yonse: khoma likada ndi chinyontho, mwana akatsokomola ndi chinyontho. Ndinati nanenso ndichinamizira chomwecho.

Ndinawapeza Mayi Fumiko atachepa kwambiri, ngati kamwana pabedi lalikulu. Anamwetulira ataona bokosi. Nesi anandithandiza kuchipachika pachitsulo cha katani, ndipo ndinachifunyulula.

"Pepani mayi," ndinayamba, "chinyontho cha nyumba zathu zija..."

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mayi Tadala, ndakhala ku Glasgow zaka zambiri. Sindinaonepo chinyontho chokhala ndi timabowo ta nthunzi."

Nesi anatuluka mofulumira atagwira pakamwa. Ine ndinagwada pambali pa bedi, monga timachitira kwathu, n'kuvomera kuti ndinasita. Anaseka pang'ono mpaka kutsokomola. Ndinayamba kupuma, poganiza kuti mlandu watha. Koma anafunsanso, mwakachetechete.

"Munasita chifukwa anapindika. Nanga anapindika bwanji?"

Funso limenelo ndi lomwe ndinkaliopa. Ndinawauza zonse: belu, amayi a kumpingo, matiresi. Ndinawauza kuti ndinachita manyazi kuti anzanga aone chinthu chawo m'nyumba mwanga. Kumwetulira kuja kunachoka. Anatembenukira kwa Shoki.

"Apongozi anga atamuona koyamba anati ndi Satana," anatero. "Kuyambira tsiku limenelo, mlendo akagogoda ndinkamuchotsa msangamsanga n'kumubisa pansi pa bedi. Zaka zonsezi. Ndinkati inu, poti nanunso munachokera kutali, mwina kwanu akhala poyera."

Ndikanakonda akanandikalipira. Ndinangogwira chitsulo cha bedi.

"Ndipo nanenso ndinakunamizani," anapitiriza. "M'nyumba mwanga mulibe chinyontho, hita yotenthetsa m'nyumba ndinaisiya yoyaka. Ndinkamva amuna anu akutsokomola kuseri kwa khoma, ndi inu mukulira m'khitchini madzi a pampopi mutawatsegula. Ndili mwana ndinadwala kwambiri, bambo anga anamupachika pamutu panga, ndinachira. Kaya anandichiritsa ndi iyeyu kaya ndi dokotala, sindikudziwa. Koma ndinalibe china choti ndikupatseni."

Ine ndinkaganiza kuti ndikuwasungira katundu, pomwe iwo anali atabwera kudzazonda matenda ndi chinthu chokhacho chamtengo chomwe anali nacho. Kwathu munthu akakubweretsera nkhuku pamatenda suibisa pansi pa matiresi. Ndinalira mpaka gogo wodwalayo ndi amene anayamba kunditonthoza, akundisisita kumutu ndi dzanja lopepuka ngati tsamba.

Shoki anakhala pachitsulo cha katani masiku khumi ndi limodzi, chipsera chake chili poyera. Ndinkapita tsiku lililonse ndikaweruka. Dokotala wina atafunsa za chizindikirocho, Mayi Fumiko anamuyankha kuti ojambula a kwawo amadinda chidindo chawo pachithunzi, ndipo ichi ndi chidindo cha mnansi wawo. Anamwalira Lachitatu m'mawa, maso ali komweko. Bokosi analisiya kwa nesi, atalembapo dzina lomwe ankandiitana lija.

Chithunzicho ndinapita nacho kwa mayi wina wokonza zithunzi zakale. Anamata pepala, anachepetsa mizere, koma anati kupsa sikuchoka. Anandifunsa kuti ndani anachita zimenezi, ndipo ndinati ndine, osatchula chinyontho.

Bambo a Tadala anachira, anabwerera kuntchito. Ine ndimathokoza Mulungu ndi madokotala, sindipemphera kwa pepala. Koma msomali uja sindinaubwezere kalendala. Amayi atabweranso kudzathokoza nafe, belu linalira, ndipo manja anga anayamba okha kulunjika kukhoma. Ndinawabweza n'kuwaika m'thumba la epuloni, n'kumvetsera masitepe onse makumi anayi ndi awiri.

Mayi Chirwa analowa, n'kuima chilili, chikwama chili pachifuwa.

"Mayi a Tadala! Ichi ndiye chiyaninso m'nyumba ya Mkhristu?"

"Ndi mphatso ya mnansi wanga amene anamwalira," ndinatero. "Munakhalapo kale pamwamba pake ola lathunthu, simunapse. Lowani, tiyi akuzizira."

Anayang'ana ine, anayang'ana Shoki, kenaka anayandikira n'kuloza pachifuwa paja.

"Nanga simbiyi anasiyapo ndani? Mwana wa telala uja?"

Nkhani yake ikuyendabe mpaka lero, kuchokera ku Springburn mpaka ku Govan, ndipo ndaisiya iyende. Masokosi ndimasitabe. Koma ndikamadutsa ndi simbi pamaso pa Shoki popita kuchipinda, ndimaibisa kumbuyo, ndipo ndimati, "Pepani agogo," osadziwa bwinobwino kuti ndikupepesa kwa uti mwa awiriwo.