Apongozi Alowa Karate

Lolemba

Mtima ukundiwawa kuyambira masana. Amayi a geni a kuno ku Kawale, aja amalawirira mtauni kukaoda tomato, atopa ndi kulandidwa zikwama pamlatho. Matipate yabweretsa ufulu, mbava nazo zatapako gawo lawo. Ndiye amayiwa agwirizana zophunzira kudziteteza, akuluampingo awabwereka holo yakutchalitchi, ndipo aitana aphunzitsi awiri kuti atiyese: ine ndi Chirwa wa ku Biwi. Ine ndimayamba, iye amalowa ine ndikamaliza.

Lero Mayi Tcheya a gululi andiimika pakhomo, chinangwa chili kukamwa: "Loweruka kuli chionetsero, tikatero tisankha mmodzi. Atambala awiri salira m'khola limodzi."

Tisankha! Ine kundiika pasikelo imodzi ndi Chirwa?

Ine: lamba wakuda, wondimanga m'chiuno Mjapani weniweni amene ankagwira ntchito kuchipatala. Njerwa ndimaswa ndi dzanja. Mwendo wanga umafika pamwamba pa chitseko.

Chirwa: mimba. Lamba wake ngati chomangira katani. Karate anaphunzirira pavidiyo ya pamsika, Biwi yonse ikudziwa.

Koma nthawi yanga amayi amabwera mokoka miyendo ngati akukabayitsa jakisoni. Ikakwana ya Chirwa holo imadzaza mpaka ena kusuzumira pawindo. Holoyi ikandichoka ndilibenso kwina. Anyamata amene ndinkawaphunzitsa kale onse anathawira kumpira, ndipo suti yanga yoyera idzangosanduka ndiwo ya njenjete m'sutikesi.

Ndabisala kuseri kwa holo kuti ndione chimene amamukondera. Ndaona izi:

amapereka moni kwa aliyense, mpaka kufunsa za mbuzi zakumudzi;
amanyamula makanda;
amangosekerera, kaya akusekerera chiyani;
mayi akangomukhudza mkono, iye khu pansi, n'kumabuula, amayi n'kumalulutira.

Basi. Karate mulibemo ngakhale ya mankhwala. Ngati n'zimenezi nanenso nditha. Ndiziyesa tsiku ndi tsiku, pofika Loweruka Chirwa adzakhala akufunsa njira ya ku Biwi.

Lachiwiri

Lero moni ndi kusekerera.

Ndaima pakhomo mano onse pamtunda. Woyamba kulowa, mayi wina wa ku Chinsapo, ndamufunsa kuti kunyumba kwacha bwanji. Kulakwa kwanga n'kumeneko. Abambo akunyumba BP, mwana chikuku, alandilodi akufuna nyumba yawo, mlamu wawo wathawa ndi wilibala. Ndikuti ndidumphe wachiwiri, nkhope yake yasintha kale, chifukwa kulonjera wina n'kusiya wina ndi chipongwe. Ndalonjera onse. Matenda onse a mu Lilongwe tsopano ndikuwadziwa ndi eniake omwe.

Nsagwada zikupweteka. Mayi wina wandiyang'anitsitsa n'kufunsa: "Aphunzitsi, kodi ndi dzino?" Mnzake akuti mawa andibweretsera muzu wotafuna.

Nthawi yotsalayo ndati tiponye miyendo. Sabata yatha ndinawauza kuti abwere ndi mathalauza, poti lamulo loletsa lija linatha. Abweradi nawo, koma m'kati mwa diresi, pamwamba pake chitenje chomanga zolimba. Mwendo ukutheratu m'bondo. Wakuba wake uti amene angathawe kumenyedwa kwa pamsongolo? Amayi akuti: "Abambo akationa ndi thalauza poyera atibweza kwathu."

Kenako Chirwa watulukira, thukuta kale asanayambe. "Monire mose!" Holo yonse yayankha ngati kwaya, ngakhale a ku Dedza amene Chitumbuka sachidziwa n'komwe. Ndatuluka osatsanzika.

Lachitatu

Lero makanda.

Suti ndachapa ndekha m'mawa, ndaviika m'buluu, ndasita ndi makala abwino. Ndalowa m'holo ndikuwala. Ndasankha khanda looneka laulemu, ndalinyamula monga achitira Chirwa. Landiyang'ana, lafinya nkhope, ndamva kutentha kuyambira pachifuwa mpaka palamba. Lamba wa Mjapani! Amayi akuwomba m'manja: "Ndi mwayi umenewo aphunzitsi, wakukondani." Mwayi wotani wonunkha chonchi?

Ndadziletsa. Ndati tiyeni tiphunzire kukuwa, kuja timakuwa poponya chibakera kuti mdani achite mantha. Ndakuwa kamodzi kokha. Makanda onse m'holo ayamba kulira, amayi onse akhala pansi kuyamwitsa, ine ndaima pakati ndekha, wonyowa, ndikuyang'ana kudenga mpaka nthawi yatha. Muzu uja andipatsadi.

Kufika kunyumba ndapeza nkhuku yomangidwa miyendo pakhonde. Apongozi, aNachisale, abwera kuchokera ku Ntcheu kudzaonetsa maso kuchipatala. Mkazi wanga, mayi a Tadala, akuti anandiuza. Sanandiuze.

Kwawoko mwambo ndi wolimba: mkamwini ndi apongozi sayang'anana, sakhalirana pafupi, akakumana panjira wina amapatukira patchire. Ndawalonjera nditanjuta kuseri kwa chitseko, iwo akuyankhira kukhoma. Ndamva kudzera mwa mwana wawo kuti kudepoti mnyamata wina wawatsomphola jumbo, munali nyemba ndi duku lawo latsopano. Pepani ndapereka, nayenso wadzera mwa mwana wawo. Chakudya ndadyera kuchipinda ngati wodwala.

Lachinayi

Kalasi kulibe, holo ili ndi amayi a chigwirizano. Ndimati lero ndiyeserere chakugwa chija, ngakhale mtima ukukana. Munthu wa lamba wakuda kugwetsedwa ndi wogulitsa tomato!

Koma ndiyeserera kuti?

Pabwalo: apongozi akhala pamphasa, akuothera dzuwa.
Pabalaza: katundu wawo.
Kuvula malaya: sizingatheke.
Kukweza mwendo iwo ali pomwepo: bola kusamuka m'Kawale.

Ndapita kuseri kwa bafa. Malo ake ochepa, kukuterera ndi madzi a sopo. Ndadzigwetsa kamodzi, ndagwera mpanda wa aneba, mpanda wagwera pa masamba awo a mpiru. Aneba alankhula mawu amene sindingalembe muno. Masana onse ndathera kumanga mpanda wa eni.

Madzulo mayi a Tadala abwera kuchokera kuchigwirizano ndi amayi awo, onse nkhope zowala. Andipeza kuchipinda: "Amayi akumana ndi Mayi Tcheya. Akuti mawa akalowa nawo kalasi, akufuna akadzakumananso naye wakudepoti uja adzawadziwe."

Ndati ayi. Ndati ayi kachiwiri, monong'ona, poti khoma lathu silifika kudenga. Yankho lake: "Kawauzeni nokha." Akudziwa bwino lomwe kuti sindingathe, ndipo ndamuona akuseka potuluka.

Ndinkadandaula kuti ophunzira akuchepa. Walira mvula walira matope.

Lachisanu

Sindinachitepo manyazi otere chibadwire.

Akulu amakhala kutsogolo, ndiye apongozi awaika mzere woyamba, pamphuno panga penipeni, ambulera yawo pambali. Ine ndatembenukira kukhoma. Kalasi yonse ndaphunzitsa khoma la tchalitchi, ndipo pali mng'alu umene akuluampingo ayenera kuuona.

Masiku onse ndimangokuwa kuti imirirani, khalani, chibakera. Lero ndikuwira ndani? Ndadzimva ndekha ndikunena kuti: "Kapena mwina, ngati kungatheke, tingaimeko pang'ono." Amayi akumbuyo akufa ndi phwete.

Malangizo akuyenda chonchi. Ine kwa mayi a Tadala: auzeni amayi akweze dzanja. Mayi a Tadala kwa amayi awo: akuti mukweze dzanja. Apongozi kwa mwana wawo: "Uwauze kuti lakwana pomwepa." Ndipo amayi ena onse atsitsa manja awo kuti afanane ndi a akulu.

Phunziro la lero linali kudzipulumutsa wakuba akakugwira pamkono. Kuti ndionetse ndiyenera kugwira munthu. Kugwira apongozi sindingathe. Kugwira mkazi wa mwini apongozi akuona, nkhani ikafika ku Ntcheu ine ndisanafike kunyumba. Kugwira mkazi wanga pamaso pa amayi ake, ndiye chipongwe chenicheni. Ndadzigwira ndekha, dzanja lamanja kugwira lamanzere, n'kudzipulumutsa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Kenako Chirwa. Wagwada, "agogo, agogo," wafunsa za maso, za mvula ya ku Ntcheu, za jumbo ija mpaka mtundu wa nyemba. Wawagwira chikwama, iwo angomukankha ndi chala, iye khu! Apongozi aseka mpaka kupukuta misozi. Chikwatirire mwana wawo sindinamvepo kuseka kwawo, ndadzakumva lero chifukwa cha munthu wa pavidiyo.

Mayi Tcheya alengeza kuti mawa mphunzitsi aliyense adzakhala wakuba, wonyamula chikwama amayi ndiwo adzamusankhe. Ndapemphera. Mulungu akudziwa chimene ndapempha.

Loweruka

Ndikulemba chogona chammbali.

Anthu achuluka, chionetsero achitulutsira panja, pafupi ndi msewu. Akuluampingo pamipando, amayi pansi, ana m'mitengo. Ndayamba ndi njerwa. Phwa, phwa, phwa. M'manja mwawombedwa mwaulemu, ngati pamsonkhano wa makolo kusukulu. Mkulu wina wandinong'oneza kuti njerwazo n'za chimbudzi chatsopano.

Chirwa wakhala wakuba, wagwa, wagubuduka, wapempha chikhululukiro kwa mayi wa tomato. Nthungululu mpaka ku Chilinde.

Yafika nthawi yanga. Akuti wakuba savala zoyera, ndiye andivula suti, andiveka jekete lakutha ndi chipewa cha mlonda wapatchalitchi. Mayi Tcheya afunsa kuti chikwama anyamule ndani. Amayi onse pamodzi: "Agogo a ku Ntcheu!" Anapangana. Ndikulumbira, anapangana, ndipo mkazi wanga ali momwemo.

Ndayenda chammbali, maso pansi. Pang'onong'ono ndikanati odi. Chikwama ndachigwira ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono, monga polandira mphatso kwa akulu. Ndakoka pang'ono.

Apongozi aiwala zonse za dzulo, akumbukira kudepoti. "Wakubaaa! Ndi yemweyu! Wakubaaa!" Ambulera pamutu, ambulera pakhutu, ambulera pamsana. Njira zotchingira ndikuzidziwa zambirimbiri, koma kukwezera apongozi dzanja ndi mlandu wa mbuzi. Ndangoima n'kumalandira.

Koma kukuwako kwafika kumsewu. Akalipentala, oitanira minibasi, ogulitsa makala, onse athamangira kuno, wina ndi thabwa, wina ndi mwala. Iwo sakudziwa za chionetsero. Akuona gogo akulira ndi munthu wa jekete lakutha atagwira chikwama. Masiku ano wakuba safika kupolisi, ndamva wina akufunsa tayala. Mantha ndachita, sindibisa.

Ndathawa. Chikwama chili m'manja, sindikudziwa chifukwa chake. Kudumpha ngalande, kuboola mpanda, kudutsa pabafa pali munthu, agalu nawo alowa m'gulu. Andipanikiza kuseri kwa chigayo. Ndikufotokoza za lamba wakuda, palibe akumva.

Wandipulumutsa ndani? Chirwa. Wafika akupuma ngati ng'ombe, waima patsogolo panga ndi mimba yake, n'kuyamba kuwatchula mayina mmodzimmodzi. Uyu amufunsa za mkazi wake wodwala, uyo za mwana wolemba mayeso. "Uyu ngwathu, timasewera chabe, tayani miyalayo." Ataya. Ena mpaka andipepesa.

Zandipweteka kuposa ambulera. Ndamuthokoza, koma mawuwo atuluka movuta.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Khutu latupa, msana sukupindika, ndipo sindikufuna kuona ana akusewera zondithamangitsa, mayi a Tadala akuti ayamba kale.

Mayi Tcheya abwera mapemphero atatha, atenga nthochi. Holo apatsa Chirwa. Sindinadabwe, mphamvu zokwiya nazo zandithera. Akuti ine karate ndimaidziwa, palibe akutsutsa, koma amayi akakhala ndi Chirwa amabwerera kunyumba akudziona ngati angathe, akakhala ndi ine amabwerera akudziona ngati zitsiru. Ndangoti zikomo chifukwa cha nthochi.

Asananyamuke awonjeza kuti amayi sanaonepo wakuba wochititsa chidwi ngati wadzulo. Chirwa amagwa msanga, saphunzirapo zambiri. Akupempha ndizibwera Lachisanu lililonse, jekete ndi chipewa adzandisungira, ndipo zizichitikira m'kati, zitseko zotseka. Ndati ndiganiza kaye. Ndipita. Ndikakana ndiye kuti m'holomo sindidzapondamonso.

Apongozi sabwerera ku Ntcheu mawa monga tinamvera. Akuti amalize kaye maphunziro. Madzulo ano atuma mwana wawo kuchipinda kuno ndi uthenga: "Mkamwini wanga ndi waulemu, ndakondwera naye. Koma Lachisanu azikoka chikwama mwamphamvu, asamachite manyazi, kuti ife tiphunzire bwino."

Ndauza mayi a Tadala kuti akawauze kuti ndamva.