Fulasiki ya Aphunzitsi

Ndikufunseni kanthu inu owerenga, popeza kusukulu munapita ndinu: n'chiyani chimagona mumchenga miyezi isanu ndi umodzi osatembenuka, koma mwini wake amachizonda m'mawa uliwonse ngati wodwala wa kuchipatala? Musatuluke thukuta. Ndi njere ya nthochi ya kuthengo. Inde, nthochi ya njere. Nanenso sindinkadziwa mpaka ana a m'banja mwathu atapita kukaiba. Banja lathu ndi lotero. Tsiku logawa nzeru ife tinafika akutsuka mbale.

Zinayambira kuseri kwa shopu ya owotcherera zitsulo, pa kabala ka mowa ka mabenchi awiri. Anali atatu. Woyamba Injiniya, amene anapata dzinalo atakonza wailesi ya mnansi mpaka inasiyiratu kulankhula. Wachiwiri Katundu, chimunthu chonyamula matumba pamsika, choti mutu chimangousungira chipewa. Wachitatu Phwiti, kamunthu kowonda, amene anakwatira mlongo wake wa Injiniya.

"Madolo, dilu yapezeka," anatero Injiniya, akugogoda botolo pabenchi. "Aphunzitsi opuma aja a kumapeto kwa msewu, mumayesa magalimoto amaima pageti pawo aja amadzaona nkhope yawo? Amadzaona nthochi. Nthochi zosowa, za kuthengo. Mkoko umodzi wokha, ife tagula minibasi."

"Tikagulitsa kwa ndani, alamu?" anafunsa Phwiti.

"Zimenezo n'za mutu uno. Inu zanu ndi kiyi."

Mowa unamuwawira mkamwa Phwiti. Kiyi wa geti la dimba la aphunzitsi amasunga ndi mkazi wake, amene wakhala akuthirira mbewu kumeneko zaka zisanu. Ntchito imeneyo ndiyo inkadyetsa nyumba yonse, ndi Phwiti yemwe. Ndipo mayiyo anali atanena kale, osakweza mawu: "Bambo a ana, tsiku limene mudzakhudze ntchito yanga, zovala zanu mudzazipeza panja."

"Sadziwa," anatero Injiniya. "Lachitatu madala aja amapita kukayezetsa magazi. Mlongo wanga masana amabwera kudzadya, n'kutsamira pang'ono. Mutenga kiyi, tilowa, tidula, titseka, mubweza. Popanda chothyoka, popanda chong'ambika. Ntchito ya ukhondo. Ine sindinagwidwepo."

Apo ananena zoona. Anali asanabepo.

Lachitatu dzuwa lili paliwombo, mkazi wa Phwiti akuliza mkonono pamkeka, kiyi anatuluka m'thumba la epuloni yomwe inali pamsomali. Geti la aphunzitsi linatseguka popanda vuto. Pakati pa dimba panali nyumba yaitali ya mapaipi, yokutidwa ndi pulasitiki, chitseko chake chili chotsegula, chotchingidwa ndi njerwa.

Injiniya analowa, Phwiti pambuyo. Katundu anapunthwa pa njerwa ija, anaitukwana, n'kuikankhira kutali ndi phazi.

Chitseko chinangoti phaa! Kenako kampiringidzo kakunja kanati gwa!

Chitsekocho aphunzitsi anachimangirira sipuling'i kuti chizitsekeka chokha, kutentha kusathawe. Aliyense wogwira ntchito mmenemo amadziwa kuti njerwa ija ndiye m'bale wake.

"Zazing'ono," anatero Injiniya. "Ntchito kaye."

Mkatimo munali zitini mizeremizere, zodzaza mchenga wokhawokha, chilichonse chili ndi kathabwa kolembedwa mawu ataliatali. Injiniya anazidutsa akupukusa mutu. "Munthu kuweta mchenga. Ukalamba ndi matenda." Pakona anapeza nthochi yokhala ndi kamkoko kobiriwira. Katundu anakadula ndi chikwanje kamodzi, n'kutembenukira kukhoma kuti aboole potulukira.

Phwiti anamulendewera pamkono ngati mwana.

"Aise, usayerekeze! Ukang'amba pulasitikiyu wang'amba banja langa! Tinagwirizana kuti popanda chong'ambika!"

"Ndiye tituluke bwanji, tiuluke?"

"Musiyeni," anatero Injiniya, akuwongola kawaya. "Zitseko ngati izi ndimatsegula ndili m'tulo."

Kawayako kanavina pampata wa chitseko kwa theka la ola, kenako kanapulumuka n'kugwera kunja.

Tsono inu simunalowepo m'nyumba ya pulasitiki masana. Ndi uvuni. Malaya anavulidwa. Mathalauza anatsatira. Thukuta linkatsika mpaka m'nsapato. Zothiririra zonse zinali zouma, ndipo mpopi ankauona bwinobwino uli panja, ukudontha mwachipongwe. Phwiti ankangoganiza za epuloni ili pamsomali ija, ndi mkonono womwe ukanatha nthawi iliyonse.

Ndiye Injiniya anaona pashelefu kanthu kokulungidwa mu thaulo. Fulasiki.

"Mtsogoleri ayambe," anatero. Anapendeketsa mutu, kholingo likukwera ndi kutsika, mpaka fulasiki inaloza kudenga. Anzake sanawasiyire ngakhale dontho. Anageya.

"Tiyi wa anthu ophunzira ameneyu. Wofunda, wopanda shuga, wopanda masamba, koma pansi pali timibulu. Mavitamini. Inu simungazidziwe."

Chitseko chinatsegulidwa itakwana thuu koloko. Pakhomo panaima aphunzitsi ndi ndodo yawo, pambali pawo mkazi wa Phwiti, maso ali psuu. Mayiyo anali atathamanga kudzaulula kuti wataya kiyi, koma anamupeza kiyiyo akulendewera pageti. Tsopano amaona amuna atatu a makabudula amkati, akunyezimira ngati nsomba, mmodzi mwamuna wake, wina mchimwene wake.

Phwiti analakalaka atalowa m'chitini cha mchenga.

Aphunzitsi anaulumpha mkoko uja osauyang'ana n'komwe. "Umenewo ngwosakhwima, ngakhale mbuzi ingaukane." Anathamangira kushelefu. Anagwedeza fulasiki. Anasuzumira mkati. Kenako anakhala pansi, padothi pomwepo.

"Zaka zinayi," anatero motsitsa. "Zaka zinayi ndikulemba makalata kuti anditumizire njere za mtundu umenewu. Kuphiri komwe umamera kwatsala mitengo yowerengeka. Anandipatsa zisanu ndi zinayi. N'zolimba ngati miyala, ndiye timayamba taziviika m'madzi ofunda masiku awiri. Mawa ndimati ndidzale." Anadzutsa mutu. "Wamwa ndani?"

Katundu analoza ndi chala, Phwiti ndi mlomo.

"Tiitane apolisi, bwana?" anafunsa mkazi wa Phwiti.

"Apolisi? Kuti njere zanga zikathere m'chimbudzi cha m'selo? Pano sachoka munthu." Aphunzitsi anadzuka ndi ndodo yawo. "Mayi, kiyi ndinapatsa inu. Zikabwerera zonse zisanu ndi zinayi, ntchito yanu ilipo. Ikasowa imodzi, tasiyana."

Mayiyo anatembenukira kwa mwamuna wake. "Mwamva. Ndowa iyo, sefa uyo. Achimwene, tsogolani."

Mayiyo anamukhazika Injiniya kuseri kwa shedi ya makasu, anamutchingira ndi chiguduli, Katundu n'kukhala mlonda. Mapapaya ankabwera m'beseni. Nkhani inayenda msewu wonse, ndipo pofika Lachinayi mpanda wa aphunzitsi unali ndi mitu yambiri kuposa mitengo. Owotcherera zitsulo anatseka shopu. Amayi ogulitsa tomato anasamutsira malonda pageti.

Lachinayi zinatuluka zisanu. Phwiti, mphuno atamanga ndi mpango, ankatsuka iliyonse pampopi n'kukaipereka ndi manja awiri, anthu akuombera m'manja. Lachisanu m'mawa zinatuluka zitatu. Kenako zii.

Masana mkazi wa Phwiti anabwera ndi chikwama chotupa, n'kuchiika pageti, poti mwamuna wake azichiona bwino. Mwendo wa thalauza lake la kutchalitchi unkalendewera panja.

"Alamu," anachonderera Phwiti kuseri kwa chiguduli, "chonde yesetsani. Ganizirani ana."

"Musandifulumizitse. Makina ali ndi nthawi yake."

"Muwonjezereni papaya!" anakuwa wina pampanda.

Dzuwa litapendeka, msewu wonse unamva kukuwa. Phwiti anatulukira akuthamanga, sefa m'manja, misozi ili mbwembwembwe, ngati bambo amene wauzidwa kuti kwabadwa mwana. Aphunzitsi anavala magalasi, anaitembenuza njereyo kawiri, n'kugwedeza mutu. Mkazi wa Phwiti ananyamula chikwama chija n'kuchiika pamutu.

"Mawa ndilawirira, bwana," anatero. "Inu bambo a ana, musambe katatu musanaponde pakhomo panga."

Apa munthu wanzeru akanazemba. Koma Injiniya anatuluka akumanga lamba, n'kukweza dzanja kuti anthu akhale chete.

"Mukuseka chifukwa simudziwa sayansi. Ine ndinamwa dala. Njere yolimba ikadutsa m'mimba imafewa, imamera msanga. Afunseni aphunzitsi ngati ndikunama."

Anthu anatembenukira kwa aphunzitsi. Iwo anali atagwada, akukwirira njere yomaliza mumchenga ndi chala.

"Sakunama," anatero osadzutsa mutu. "Kuthengo zimayendadi choncho. Kungoti kumeneko ntchitoyi amagwira ndi anyani. Ine ndimasowa poti ndimupeze mmodzi m'tauni muno."

Mpanda unagwa ndi anthu omwe.