Mmene Lambe Anafera Chitedze cha Apongozi

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere. Lambe anali mkamwini watsopano kwa aNankhoma, mayi amene anali atapirikitsa kale akamwini awiri: wina chifukwa cha ulesi, wina chifukwa chogeya pamaso pawo. Ndiye Lambe ankayenda ngati waponda mazira, kuopa kukhala wachitatu.

Tsiku lina apongoziwo anamuuza kuti akalambule tchire la kumbuyo kwa dimba, kumene chitedze chinayanga mpaka kutseka njira. Mkazi wake Dailesi anamulangiza kuti alawire mame asanaume, ubweya wa chitedze udakali wonyowa. Koma Lambe anaganiza kuti m'mamawa angamuone ndani? Anapita dzuwa lili paliwombo, nthawi imene amayi amadutsa pochokera kumtsinje. Anavula malaya n'kuwakoleka pachitedze pomwepo, n'kuyamba kukoka ziyangoyango moonetsa mphamvu, kamphepo kakumuwuzira ubweya wonse.

Atavala malaya aja, moto unabuka. Anathamangira kumtsinje kukasamba, koma madzi anangoperekeza kuyabwa kumalo kumene sindingatchule pamaso pa ana.

Pofika kunyumba anapeza mphasa yayalidwa. Apongozi anabwera kudzathokoza, ndipo mwa mwambo anakhala kuseri kwa nkhokwe, akulankhula osaonana naye maso. Koma paja mayi aja maso awo ankaboola nsungwi. Lambe anakhala pansi, manja pamaondo. Kukanda pamaso pa apongozi? Ndiye kuti katundu panja.

ANankhoma anathokoza, kenaka anafotokoza mbiri ya dimbalo kuyambira kwa agogo awo. Lambe thukuta kamukamu, akudzikhula pang'onopang'ono pamtondo umene unali pambali, ngati mbuzi pachipupa.

"Dailesi, tawafunsa bambowo," anatero aNankhoma, "chitedze sichinawakhudze? Phulusa lilipo, mafuta a nsatsi aliponso. N'kungovula, kuwapaka, basi."

Mawu akuti kuvula anamulasa Lambe kuposa chitedze.

"Auzeni mayi kuti kwathu chitedze timachita kutsamira," anayankha, mano ali gwa.

"Chabwino, tipitirize," anatero mayi aja, n'kuyamba za malire a munda.

Lambe anaganiza zoti akaleka kupuma mwina kuyabwa kuleka. Anagwira mpweya, maso n'kutuzuka, mpaka anagwa chagada, khu! Dailesi anayamba kulira. Mayi wina wodutsa ndi ndowa, amene sindimutchula poti adzukulu ake muli pompano, sanadikire n'komwe kufunsa, anangothamanga kukalengeza maliro. Dzuwa lisanalowe, uthenga unali utafika kwawo kwa Lambe, kutsidya kwa mtsinje, kuti mwana wawo watisiya.

Abale anabwera ndi ufa ndi nkhuku, akulira kuchokera kudambo. Anapeza malemuwo ali tsonga pansi pa mango, atavulidwa mpaka kutsala kansanza, ali mbuu ndi phulusa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mudzi wonse unali utazungulira, ndipo aNankhoma, mwambo atauika pambali, ankaloza ndi ndodo pamene sipanapakidwe.

Atsibweni ake a Lambe anafunsa ngati amutenge.

"Ayi, uyu asachoke," anatero aNankhoma. "Munthu wolola kufa kusiyana n'kundikandira pamaso, ndikamupezanso kuti?"

Nkhuku zija zinadyedwa ndithu. Lambe anakhala pamudzipo mpaka imvi, koma aliyense, ngakhale ana ake, ankamutchula kuti aMalemu. N'chifukwa chake mukaona munthu akuvutika chamumtima, chithandizo chili pamphuno, akulu amati: manyazi anapha Lambe.