Khoma la kampani ndinalisandutsa sefa

Musayambe kuseka, ndimalize kaye. Nyumba ya esiteti yomwe timakhala kuno ku Thyolo ili ndi kabokosi pakhoma la pabalaza, pokumanira mawaya a magetsi, kachivundikiro kake kothimbirira konyansa. Mwana wathu Tadala atanena kuti akuchimuna akubwera kudzaonekera, ndinati ayi, alendo asaone zimenezi. Ndinakamata simenti, n'kupaka penti khoma lonse. Mayi a Tadala atati bokosi lija salikwirira, ndinawayankha kuti zamagetsi si za azimayi. Anandituma ndani?

Tsiku la alendo kunacha ndi chiperoni, makoma akuchita thukuta, masoketi onse zii. Filiji yazima nyama ya alendo ili momwemo, fungo la waya wopserera likumveka koma kochokera osakudziwa. Wamagetsi wa kampani anangoti pafoni, "Zimitsani magetsi onse, mundipezere bokosi la pabalaza, ndikubwera."

Ndilipeze kuti ine, poti ndinalikwirira mwaluso mpaka kuiwala malo ake? Ndinayamba kugogoda khoma khutu nditagunditsa ngati dokotala, pomwe pamveka mphako ndakhoma tchizulo, palibe, ndasuntha pang'ono ndakhomanso, njerwa yokhayokha. Chithunzi chathu cha ukwati chokha ndinkachilambalala mwaulemu. Alendo a ku Goliati anandipeza ndili pampando, mutu mbuu ndi fumbi, khoma lili sefa.

Amalume ake a mnyamata wofunsira Tadalayo anawomba m'manja n'kundifunsa, "Pepanitu amisiri, eni nyumba alipo?"

Manyazi anandigwira. Apo mayi a Tadala anatulukira, kupereka moni bwinobwino, n'kupachula chithunzi chija. Kuseri kwake simenti yanga inali itatupa, yakuda bii.

"Munamata mokhota, ndiye ndinabisapo," anatero.

"Nanga osanena bwanji muja ndimagumulamu?"

"Si munati zamagetsi si za azimayi?"

Wamagetsi atatsegula anapeza mawaya atasungunuka, moto unangotsala pang'ono kubuka. Alendo anadya nsomba zam'chitini, abwana a zanyumba anandiitana Lolemba lake, ndipo kuchimuna mpaka lero amanditchula kuti amisiri.

Bokosi lija tsopano lili poyera, ndipo ine ndinalumbira kuti ngakhale babu likapsa, ndiziyamba ndafunsa azimayi.