Tizinkhanira ta Mumng'oma wa Bambo

Lolemba
Ndatsegula mng'oma umene anandisiyira malemu bambo, kuti ndione ngati uchi wakhwima. Njuchi zili bwino. Koma m'ming'alu muli alendo: tizilombo tochepa ngati anankafumbwe, timanja tonga ta nkhanu kutsogolo, mchira tilibe. Chinkhanira chopanda mchira! Sinditifuna m'chuma cha bambo. Pofika Lamulungu tikhale titatha, kenako ndifule uchi.

Lachiwiri
Zida: nthenga ya nkhuku, chitini cha utsi, kabotolo. Ndagwira tingapo. Ukatikhudza tikuthawa chafutambuyo. Njuchi yandiluma pachikope. ANangozo, akazi anga, akuti: "Bambo anu ankatsegula nthawi yofula yokha. Inu mwauyesa chitseko cha kuchimbudzi?"

Lachitatu
Tadzazamonso ngati dzulo sindinagwire ntchito. Ndafufuza kumene tikuchokera. Pansi pa khungwa la bulugamu tilipo. M'masamba owola tilipo, tofiirira. M'chisa cha nkhuku, takuda. Ngakhale m'buku la nyimbo limene bambo anabwera nalo kuchokera ku Joni muli kamodzi, kakuyendera mavesi. Lero ndafukiza utsi wambiri. Njuchi zikulira mwachilendo.

Lachinayi
Ndapita ndi kabotolo kwa alangizi ku Boma. Angoseka. "Achikulire, timeneti tili ponseponse, mitundu yake njambirimbiri. Sitiluma munthu. Timadya tizilombo toononga zisa." Ndiye kuti sabata yonseyi ndikuthamangitsa alonda? Ndabwerera pakabaza. Manyazi andigwira.

Lachisanu
Ndatsegulanso mng'oma, ulendo uno kubwezeramo alonda aja ndi kupepesa. Utsi pang'ono chabe. ANangozo ali poteropo ndi dengu la mbatatesi: "Kupepesa kwabwino n'kuusiya wotseka."

Loweruka
Dzuwa lili paliwombo, njuchi zatuluka zonse, ulendo cha kumapiri a ku Nzama. Ndathamangira ndi chitini m'manja, osadziwa kuti ndikatani nacho. Imodzi yatera pamkono wanga kaye. Kumwendo kwake kuli kachinkhanira, kagwiritsa ndi timanja take. Nakonso kakwera matola.

Lamulungu
Mng'oma uli zii. Zisa zili mbee, uchi zinamwa ponyamuka. M'ming'alu mulibe ngakhale kamodzi. Zaka zonsezi bambo ankationa timeneti n'kungotseka chivundikiro. Ndawasowa kwambiri lero. Ndapaka phula pakhomo pa mng'oma, mwina zina zidzalowa ndi alonda awo. Mlendo mumng'omamo ndinali ine. Ndatseka, ndatsindikapo mwala.