Mlamba Wobwera ndi Luzi Lake

Anzanga, nditangolowa chikamwini ku Milepa mtima sunkakhala m'malo. Paja ine ndinakulira m'tauni, khasu limanditulutsa matuza, ndiye ndinkangofuna chinthu chimodzi choti apongozi anga aamuna aone kuti mwana wawo sanatole chitsiru. Mvula itayamba ndinawabwereka mono, msampha wa nsomba uja woluka ndi nsungwi, n'kulonjeza pamaso pa anthu kuti ndiwo za sabata imeneyo zili kwa ine. Iwo anangoti, "Chabwino bambo," n'kundipatsa watsopano.

Kumtsinje ndinaganiza mwa sukulu: madzi akutsika, nsomba zitsika nawo, basi kukamwa kwa mono kuloze kumtunda. Ndani anandiuza kuti mtsinje ukadzaza matemba ndi milamba zimakwera, kulimbana ndi madzi kuti zikaswane? M'mawa mwake ndinavuula mapesi, thewera ndi patapata imodzi.

Mkazi wanga anandinong'oneza kuti, "Tembenuzani, zimachokera kumunsi." Ndinatembenuza, koma nditasuzumira mkati ndinaona khomo lothina, timitengo tosongoka titaloza mkati, ndiye ndinati nsomba yanzeru ingalowe pamenepa? Ndinasadza tonse ndi mpeni, n'kuikamo madeya ambiri. Madeya ankatha ndithu, nsomba osapezeka. Zinkalowa, kudya, kuzungulirazungulira mpaka kupeza potulukira, poti timitengo ndinadula tija ndi timene timazitsekereza.

Apa nkhawa inandigwira zenizeni, kukhala pansi osatheka, ndimvekere kumtsinje, kunyumba, kumtsinje. Apongozi osafunsa kanthu, ndipo kusafunsako ndiye kunkandipweteka. Mapeto ake ndinagula mlamba waukulu wamoyo kwa msodzi wina, iye ataumanga luzi m'makha kuti unyamulike, ndinathamanga nawo n'kuuponya mu mono, luzi osachotsa chifukwa cha phuma, kenako ulendo kukaitana apongozi kuti adzaone okha.

Tafika, ndakwinya thalauza, ndanyamula mono mwamphamvu ngati muli katundu, ndinangotsala pang'ono kugwa chagada. Munalibe kanthu, ngakhale nkhanu. Apongozi anayang'ana khomo ndinasadza lija, kenako anayenda pang'ono chakumtunda kumene anatchera mono wawo wakale, n'kuuvuula. Wodzaza! Matemba onenepa ndi madeya anga, ndipo pamwamba pake mlamba wanga uja ukuphiriphitha, luzi lili lende.

Anaukweza m'mwamba bwinobwino n'kunena kuti, "Bambo, milamba ya chaka chino ndi yaulemu. Ikubwera ndi chonyamulira chake."

Ndiye anandipatsa kuti ndinyamule ndine, mudzi wonse ukuona, mpaka kunyumba. Mono ndinaononga uja ndinalipira powalukitsira wina. Kuyambira tsiku limenelo, pakhomo paja akati ndiwo zatha, ine ndimatenga dengu n'kukathyola nkhwani, chifukwa nkhwani sukwera mtsinje.