Mabowo Awiri ndi Chinkhoswe cha Yankho

Mpaka lero anyamata a kuntchito akafuna kundiseka amandiitana kuti "Injiniya wa pansi pa tebulo." Sindikwiya ayi. Dzinalo ndinalikhetsera thukuta, ndipo tebulo lake likadalipo ku Hor Al Anz kuno ku Dubai, amene akukayika apite akalione.

Ine ntchito yanga ndi ya ulonda pa hotela ina ku Al Barsha. Koma mukudziwa mmene zimakhalira kunja kuno: ukangothandiza munthu mmodzi, basi wasanduka katswiri wa Amalawi onse. Foni ya m'bale wina itakana kuyaka, ine ndinangoiika pa chaja, iyo n'kuyaka. Kuyambira tsiku limenelo ndine wa zamakompyuta. (Sindinatsutse. Ulemu ukakupeza pa geti la hotela suubweza.)

Ndinali ndi chikompyuta chakale, chachikulu ngati sutikesi, chomwe chikayaka chinkalira ngati chigayo. Koma mabowo olowetsamo zingwe chinali nawo a mnanu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Vuto linali malo. M'chipinda cha kampani timagona mothithikana, mabedi osanjikiza, ndipo mnzanga wa bedi la m'munsi anatopa n'kupunthwa chala m'mawa uliwonse. Ndiye ndinagula kakompyuta ka masiku ano, kokwana m'dzanja, kosalira n'komwe. Chakalecho ndinachitumiza pa kago kwa mchemwali wanga kumudzi, ndi uthenga woti ife kuno tapita patsogolo.

Chikompyutacho chitanyamuka ndi pamene ndinakatembenuza katsopanoka kuti ndione kumbuyo. Bowo la magetsi. Bowo la chingwe cha TV. Kenako timabowo ta USB tiwiri. Tiwiri tokha, abale! Ndinakazondotsa, ndinakasuzumira m'mbali, mwina ena abisala. Ayi ndithu. Kiyibodi ndi mausi zitalowa, khalas, basi, nyumba yadzaza.

Ndikanapirira nazo zikanakhala kuti sanabwere Mayi Nambewe.

Mayi Nambewe amalera ana m'nyumba ina ndipo amagona komweko. Timakumana kutchalitchi ku Oud Metha, Lamlungu limene abwana awalola. Mwana wawo ndi mmodzi yekha, Yankho, ndipo chinkhoswe chake chinali Loweruka ku Ntcheu. Tchuthi madamu a m'nyumbamo anawakaniza, ati ana ali pa mayeso. Anangowapatsa masana a tsikulo, ndi lamulo loti ana asanagone akhale atabwerera.

"Achimwene, za pafoni ine ayi," anandiuza titatuluka m'tchalitchi. "Ndikufuna andione nditaimirira, nditavala bwino, anthu ali kumbuyo kwanga. Akuchimuna akumayankhula kuti mwanayu ali ngati wamasiye, mayi ake anamutaya n'kuthawira kwa Aluya. Ndikufuna ndiyankhule mawu a kholo, amve okha ndi makutu awo."

"Mayi, zimenezo n'zazing'ono," ndinatero ine, chifuwa patsogolo. "Siyirani ine."

(Mawu amenewa akatuluka m'kamwa mwanga, muziyamba kupemphera.)

Pofika kuchipinda ndinawerengetsa. Pafunika kamera kuti awaone, maiki kuti awamve, kiyibodi ndi mausi kuti ine ndiziyendetsa zinthu. Zinthu zinayi, mabowo awiri. Tsiku langa lopuma ndinathamangira ku Deira kukagula habu, kachipangizo kamene umakalowetsa m'bowo limodzi, iko n'kukupatsa mabowo anayi. Mwini sitolo anandionetsa mitundu iwiri.

"Habibi, mnzanga, iyi ili ndi chingwe chake cha magetsi. Iyi ilibe, imayamwa kwa kompyuta, ndiye musaichulutsire zinthu."

Makutu anga anali atapita kukayenda, maso okha ndi amene anatsala, akuwerenga mabowo. Yopanda magetsiyo inali yotchipa, ndiye ndinatenga ziwiri. Nzeru yanga inali yakwathu: soketi imodzi imabereka ekisitenshoni, ekisitenshoniyo ibereka inzake, mpaka nyumba ya neba iwala. Habu yoyamba ndinailowetsa m'bowo limodzi, yachiwiri n'kuilowetsa mu yoyambayo. Bowo linalo la kompyuta ndinalisiya lopanda kanthu, ati kuti kazipumirako. Nditayesa, zonse zinagwira. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Loweruka tinakumana ku fulati ya a Tembo ku Hor Al Anz. A Tembo ndi a ku Zambia, amaphika kuhotela, ndipo ali ndi TV yaikulu kuposa zenera lawo. Azimayi a kwathu anafika atavala zitenje zofanana ndi za ku Ntcheu, poti Mayi Nambewe anali ataitanitsa nsalu yake mwezi wathunthu m'mbuyomo. Abambo ena anabwera ndi mayunifomu, atangoweruka. M'chipindamo munalibe poponda.

Ine poona kuti mabowo atsala, mtima unandiyabwa. Ndinawonjezera kanyali kozungulira kuti nkhope ya Mayi iwale. Ndinawonjezera kafani kuti kompyuta isatenthe (kunena zoona, kankaloza ine). Kenako mahabu aja ndinawalendewetsa pansi pa tebulo, nsalu ya patebulo n'kuwaphimba, kuti pazioneka pa ukhondo.

Ku Ntcheu zinachedwa, monga mwa chikhalidwe chathu. Ife kuno tili maola awiri patsogolo, ndiye nthawi ya Mayi inkangodyeka iwo akuyang'ana wotchi. Anthu podikira anayamba kujambulana. Tsono mverani: Mmalawi amene anakulira m'kuthimathima kwa magetsi sangaone bowo lopanda kanthu n'kulidutsa. Ngakhale foni ikhale yodzaza, amati iwonjezereko, mawa sadziwika. Masoketi a pakhoma anali atatengedwa ndi TV, furiji ndi mpoto wa mpunga. Ndinaona mayi wina akuwerama pafupi ndi tebulo, ndinkayesa akukonza nsapato. Wina anaweramanso. Ndinati mumtima, koma nsapato za chaka chino n'zovuta.

Mwambo unayamba. Pa TV tinkaona bwinobwino: tenti, azibambo a masuti pa dzuwa, Yankho atakhala mwaulemu pafupi ndi mnyamata wake. Msuweni wake ndi amene ananyamula laputopu kumeneko, yolumikizidwa ku zokuzira mawu. Ankhoswe atayamba kusinthana tambala ndi thadzi, amayi kuno anaimba nthungululu mpaka magalasi kunjenjemera.

Pamenepo mausi inayamba kutsimphina. Kanyali kaja kanayamba kuphethira. Kompyuta n'kuyamba kulira kakulira kake kaja kosonyeza kuti chinthu chazulidwa, kenako chalowa, chazulidwanso. Tulu. Tululu. Tulu.

"Manje kakompyuta kanu kalila chani, mudala?" anafunsa a Tembo.

"Kakungosangalala nawo," ndinayankha, thukuta likutsika mumsana.

Ndiye woyendetsa mwambo anakweza mawu: "Tsopano tonse chete! Timve mawu a kholo, mayi a mtsikana, kuchokera ku Dubai!"

Mayi Nambewe anaimirira, anakonza duku, amayi onse anandanda kumbuyo kwawo. Anayamba kuyankhula. Ine kuyang'ana pakona ya TV, pamene pamaoneka chithunzi chathu: bii. Kamera yafa. Maiki yafa. Ife tikuwaona ndi kuwamva, iwo sakutiona, sakutimva.

"Dubai, muliko? Halo Dubai?"

Mayi anapitiriza kuyankhula, osadziwa kuti akuyankhula ndi khoma la a Tembo. Kenako, pafupi penipeni ndi laputopu ija, panamveka mawu a mzimayi wachikulire, osanong'ona n'komwe: "Tinanena ife. Mayi wake uti?"

Chipinda chonse chinamva. Pa TV tinaona Yankho akuweramitsa mutu, kampango kali m'maso. Mayi Nambewe anasiya kuyankhula, anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakalipe. Anangoti, "Achimwene." Ndikanakonda akanandiwomba mbama, ikanapweteka pang'ono.

Ndinadzigwetsa pansi n'kulowa kunsi kwa tebulo, ndi suti yomwe. Zimene ndinaona kumeneko, Ambuye! Mafoni atandandana pa mahabu anga ngati ana a nkhumba akuyamwa. Wina anali atabwera ndi kahabu kake n'kukalumikiza pa yanga, kuti nayenso aitane abale ake. Ndipo m'bowo loyamba penipeni munali foni ya chikuto chofiira yomwe ndinkaidziwa bwino kwambiri. Ndinali nditaiikamo ndekha anthu asanafike.

Mawu a mwini sitolo uja anabwera pamenepo, mochedwa ngati basi ya kumudzi. Ndinagwira chingwe cha habu n'kuchizula ndi mphamvu zonse. Mafoni anagwa khophokhopho. Kamera nayo inatsetsereka pamwamba pa TV n'kudzagwera pamaso panga. Sindinasamale. Chingwe cha kamera m'bowo loyamba, cha maiki m'bowo lachiwiri, molunjika, popanda mkhalapakati. Kiyibodi ndi mausi zikagwere uko.

Mulungu ndi wabwino, zinadzuka zokha. Kungoti chinthu choyamba chimene anthu a ku Ntcheu anaona kuchokera ku Dubai chinali mphuno yanga, yonse, ikuchucha thukuta. Ndipo mawu oyamba amene anamveka pa zokuzira mawu anali a mayi wina kumbuyo kwanga: "Iii, yanga inangotsala pang'ono kudzaza!"

Tenti yonse inafa ndi phwete. Woyendetsa mwambo anakuwa, "Dubai yafika!"

A Tembo anatola kamera n'kuinyamula m'mwamba ndi manja. Ine ndinati ndituluke, koma nditangosiya chingwe cha maiki, mawu anaduka. Ndinali nditachipinda pozula paja. Ndikachigwira chikugwira, ndikachisiya chikufa. Ndiye ndinakhala pomwepo, chogwada, zala ziwiri pa chingwe, mutu ukugunda thabwa.

Choncho mawu a Mayi Nambewe ndinawamva ndikuona mapazi awo okha.

"Yankho mwana wanga, dzutsa mutu, undione. Ine sindinakutaye. Ana a eni amene ndimawapesa tsitsi kunowa, ndikamawapesa ndimaona mutu wako. Sukulu unamaliza ija, ndi manja awa. Kwa inu akuchimuna, ulemu wanu. Mwana amene mukutengayu ndi woleredwa, ali ndi mayi ake, ndipo mayi akewo ndine ndaima pano."

Kenako nthungululu zinaphulika mbali zonse ziwiri, za ku Ntcheu zikuchedwa pang'ono ngati zikuyankha zathu. Ine pansi pa tebulo ndinalira, sindibisa. Ndipo munthu sungapukute misozi zala zili pa chingwe.

Zitatha ndinati, "Mayi, ndizule maiki ndilowetse mausi kuti titseke?"

"Musakhudzenso kanthu kalikonse, achimwene! Khalani momwemo."

Ndinakhala momwemo. Ndipo ndikuthokoza kuti anandiletsa, chifukwa patapita kanthawi, anthu akuvina perekaniperekani, nkhope ya mzimayi wachikulire inadzaza TV (a Tembo ndi amene ankandiuza zooneka, ine ndinkaona mawondo a anthu). Atangotsegula pakamwa ndinawazindikira. Anali mawu omwe aja.

"Asewere," anatero, mawu atafewa, "ndine mayi a mnyamata. Anthu onsewa ndi abale anu?"

Asewere! Mayi Nambewe anapuma kaye, ngati akufuna liwulo likhazikike bwino m'makutu mwawo.

"Onsewa ndi abale anga, asewere. Palinso wina simunamuone bwino." Nsalu ya patebulo inakwezedwa, a Tembo n'kutsitsa kamera. "Uyu ndi mchimwene wanga. Ndi amene wagwira chingwe kuti mundimve."

Sananene kuti ndi amenenso anachititsa kuti asamveke. Ine ndinagwedeza mutu mwaulemu, n'kuugunditsanso ku thabwa.

Nthawi inali itatha kale. "Yalla, yalla, fulumirani Mayi, sitima ikusiyani!" amayi anawakankhira pakhomo, duku lili m'manja. Pofika pachitseko anabwerera, anawerama, n'kundigwira paphewa ine ndikadali chogwada.

Lamlungu limene anawalolanso kubwera kutchalitchi anandibweretsera mandasi m'kachidebe, okazinga m'khitchini ya madamu. Anandionetsa chithunzi chimene Yankho anatumiza: apongozi ake atamukumbatira. Chithunzi chachiwiri chinali mphuno yanga. Akuti ku Ntcheu chafika patali.

Ndinabwerera ku Deira kukagula habu ya magetsi akeake ija. Mwini sitolo anangondiyang'ana n'kumwetulira, ine n'kunena shukran, zikomo wa kuno, ndisanafunsidwe kanthu. Tsopano kakompyuta kanga kali ndi mabowo okwanira, zonse zikuyenda bwino, ndipo mabowo otsala ndinawamata ndi tepi yakuda kuti Mmalawi aliyense asayesedwe.

Tepi ya pa bowo lakumapeto inamatuka sabata yomweyo. Foni ya chikuto chofiira ili pomwepo pamene ndikulemba izi, ndipo ndi yodzaza kale.